Ambulansi payokha siikwanira

Mwafunsa chifukwa chake anthu m'mayiko osauka amafabe ndi matenda adzidzidzi zipatala zilipo, ndiponso ngati kugula maambulansi ambiri kungathetse vutoli. Kungathandizeko ndithu, koma nthawi imatayika malo atatu, monga anafotokozera akatswiri ofufuza za umoyo Thaddeus ndi Maine mu 1994 pa nkhani ya imfa za amayi oyembekezera: kunyumba, panjira, ndi m'chipatala momwemo.

Kunyumba anthu amayamba adikira kaye kuti mwina kukacha apezako bwino, kapena ali kalikiliki kusaka ndalama ya ulendo. Chonsecho mayi amene akutaya magazi ambiri atangobereka atha kumwalira m'maola awiri okha. Panjira napo, kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti anthu 29 pa 100 alionse a kum'mwera kwa Sahara amakhala ulendo woposa maola awiri kuti akafike kuchipatala chachikulu. Ambulansi yopanda mafuta, yopanda nambala yodziwika yoimbira, mulinso dalaivala yekha wosadziwa kuletsa magazi, imeneyo ndi galimoto wamba yopaka utoto basi.

Kuchedwa kwachitatu n'kumene ambiri sakuona. Wodwala wafika, koma mzere ukuyendera amene anayamba kufika. Wodzatsukitsa chilonda ali kutsogolo, mwana wobanika ali kumbuyo pamsana pa mayi ake. Pakhomo pomwepo pamafunika munthu wophunzitsidwa kuona kapumidwe, kukomoka ndi kuzizira kwa manja, n'kulowetsa wodwalitsitsayo nthawi yomweyo. Zimenezi n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi galimoto.

M'katimo mavuto amakhala ena. Makina opanga oxygen amazima magetsi akathima. Magazi amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 6, ndiye fuliji ikafa, onse amatayidwa. Oxytocin, woletsa kutaya magazi pobereka, amatha mphamvu akakhalitsa potentha, ngakhale kabotolo kakuoneka bwinobwino. Tranexamic acid, mankhwala enanso oletsa kutaya magazi, amathandiza akaperekedwa pasanathe maola 3. Wofika mochedwa sapindula nawo. Kenako wodwala amatumizidwa kwina popanda kuimbirako foni, n'kukapeza dokotala wa opaleshoni kulibe.

Popeza wovulala amanyamulidwa ndi anthu amene ali pafupi, iwowo ndiwo ofunika kuphunzitsidwa. Bala lotuluka magazi lipsinjeni mwamphamvu ndi nsalu yoyera osatukulatukula kuti muone. Ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba. Wokomoka koma akupuma mugonekeni chammbali, ndipo musam'mwetse kanthu, angatsamwe.