Yambani mwakonza pansipo, matailosi abwere pambuyo

Achimwene, mwati pansi pa balaza lanu pali pokwera ndi potsika, ndipo mmisiri akuti angochulutsa simenti ya matailosi m'malo otsikawo. Chonde musalole. Simenti imeneyi ntchito yake ndi kumata basi, siyokwirira maenje. Ikachindikala kwambiri imanyala pouma, ndipo tailosi imodzi imatsika, inzake n'kutsala m'mwamba ndi kamlomo kopunthwitsa ana.

Ineyo zinandionekera kukhitchini kwathu. Mmisiri ankangoika timiulu tisanu ta simenti, m'makona ndi pakati, n'kusanjikapo tailosi. Zinkaoneka bwino ndithu. Patapita miyezi, ndikagogoda ndi ndalama yachitsulo pankalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti pansi pali mphako. Tsiku lina mwendo wa tebulo unaboola kona, mng'alu n'kuyenda mpaka pakati. Tinagumula zonse, ndipo mtima umandiwawabe.

Choyamba yezani nokha. Tengani chitsulo kapena thabwa lowongoka la mamita 2 pamodzi ndi levulo, muziligoneka uku ndi uku m'chipinda monse. Gwadani, musuzumire kunsi kwake. Paliponse pamene mpata ukuposa mamilimita 3, zungulizani ndi choko. Ngati matailosi anu ndi akuluakulu aja a masentimita 60 ndi 60, samalani kwambiri, chifukwa tailosi yaikulu ikakhala pa kachulu imagwedera ngati mpando wa mwendo umodzi waufupi.

Pokwera mupale ndi grinder kapena nyundo ndi chizulo. Potsika pang'ono thiranipo self-levelling compound, ija yamadzimadzi yodziyala yokha, koma muyambe mwasesa fumbi, kuchotsa polishi kapena penti, ndi kupaka primer, mankhwala othandiza kuti imatirire pansi, apo ayi sigwira. Ngati kusiyana kwafika masentimita angapo, yalani simenti yatsopano chipinda chonse: muyezo umodzi wa simenti, itatu kapena inayi ya mchenga wokhakhala. Apa m'pamene ambiri amapupuluma. Isiyeni pafupifupi masabata atatu iume ndi kumaliza kunyala. Ndikudziwa kuti mukufunitsitsa kulowa m'nyumbamo, koma pirirani. Muonenso ngati chitseko chizitsegukabe pansi pakakwera.

Pakakhala mng'alu womwe ukunka nukula, vuto lili kumaziko. Pezani wodziwa aone kaye, chifukwa mng'aluwo udzatulukira pa tailosi.

Poika matailosi, mmisiri agwiritse ntchito trowel ya mano (chopakira simenti), mizere yake ilunjike mbali imodzi, ndipo pa matailosi aakulu apakenso pang'ono kumsana kwake. Inuyo muzikhalapo. Muuzeni azule imodzi yomwe wangoika kumene, muone ngati simenti yagwira kumsana konse. M'mbali mwa khoma asiye kampata ka mamilimita 5 kapena 6, skirting, ija yozungulira m'munsi mwa khoma, idzakabisa. Malo ngati kubafa n'kumene pansi payenera kupendekera dala, kulowera kumene madzi amatulukira.