Pulogalamu sidziwa ngati ikuwerenga tepi kapena disiki

Mwezi uno ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangoyamba ntchito ku banki ina ku Johannesburg. Akuti: "Pulogalamu yathu ya COBOL dzulo inawerenga fayilo pa tepi, lero yawerenga pa disiki, koma palibe waikhudza. Zikutheka bwanji?"

Achemwali, pulogalamuyo sidziwa n'komwe kumene fayilo ikukhala. Mukayang'ana mu COBOL, chilankhulo chimene pulogalamuyo inalembedwa, mupeza mzere wa SELECT wonena kuti ASSIGN TO MALIPIRO, basi. Dzinali ndi chikwangwani chabe. Chimene chimaloza njira ndi JCL, malangizo ouza makina mmene ayendetsere pulogalamu: mzere wake wa DD (wofotokoza fayilo) wa dzina lomwelo umatchula dzina lenileni la fayilo, kenako catalog (kaundula wa mafayilo) ya z/OS, operating system ya makompyuta akuluakulu a IBM, imanena volume (tepi kapena disiki) imene fayiloyo ili. Mukasintha DD, mwasintha gwero, pulogalamu ili chikhalire.

Pa OPEN, lamulo lotsegula fayilo, ndi pamene makina amafufuza. Tepi imayamba ndi zolemba zake: VOL1 ili ndi nambala ya tepiyo, HDR1 dzina la fayilo, HDR2 kutalika kwa rekodi ndi kwa block (gulu la marekodi). Dzina la pa HDR1 likasemphana ndi la mu JCL, ntchito imagwa ndi nambala ya vuto S813, ndipo musadandaule nayo, yakupulumutsani kuwerenga tepi ya eni. Pa disiki zonsezi zimasungidwa mu VTOC, mndandanda wa mafayilo amene ali pa disikiyo.

Tsopano pa READ, lamulo lowerenga, apa ndiye pokoma. Pulogalamu imapempha rekodi imodzi, koma QSAM, gawo la z/OS lowerenga mafayilo motsatana, sipita kukatenga imodzi. Ndani amapita ku mjigo ndi kapu? Imatunga ndowa yonse, ndiye block imeneyo, n'kuiika mu buffer (malo osungira mongoyembekezera mu memory), n'kumakupatsani pang'onopang'ono mpaka ithe.

Chifukwa chake chimaoneka bwino pa matepi akale a 9-track aja anabwera ndi makompyuta a IBM System/360 mu 1964. Pakati pa block ndi inzake pankatsala mpata wa inchi 0.6 woti tepi iime ndi kunyamukanso. Pa 1600 bpi (mabaiti 1600 pa inchi imodzi), rekodi ya mabaiti 80 inkadya inchi 0.05 yokha. Mukalemba imodziimodzi, mpata wopanda kanthu unkaposa deta ka 12! Pa disiki ya 3390 nkhani ndi yomweyo mwa mtundu wina: track imodzi (mzere wozungulira pa disiki) ndi mabaiti 56,664, ndipo block ziwiri zokhala pafupi ndi theka ndizo zimaidzaza bwino. N'chifukwa chake mumangoona BLKSIZE=27920 (kukula kwa block) paliponse; amenewo ndi marekodi 349 a mabaiti 80. Ine masiku ano ndimangolemba BLKSIZE=0 kuti makina asankhe okha.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kafikidwe. Tepi ili ngati kaseti ya nyimbo, yomaliza simungaifike osadutsa zoyambazo. Disiki imalola kudumpha, ndipo fayilo ya mtundu wa VSAM KSDS ili ndi index yoti mukapereka nambala ya akaunti imakufikitsani pomwepo. Ndiye pulogalamu yanuyo yayenda konsekonse chifukwa imawerenga motsatana, kuyambira pamwamba mpaka file status 10, chizindikiro choti fayilo yatha. Ikanakhala ya ORGANIZATION IS INDEXED, yowerenga kudzera mu index, tepi sikanatheka.

Komanso mukafunse anzanu ngati "tepi" ya dzuloyo inali tepi yeniyeni. M'malo ambiri tsopano ndi virtual tape, madisiki ongodzionetsa ngati tepi ya 3490, moti palibe amene ananyamuka pampando kukalowetsa katiriji.