Mafunso Anu: Nyumba Zatsopano Zikaichulukira Tauni ya M'mphepete mwa Nyanja

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera kwa owerenga okhala m'matauni ang'onoang'ono a m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene makampani akumanga nyumba zambiri nthawi imodzi. Tawafupikitsa, ndipo mayina a anthu ndi a malo tawasiya.

FUNSO: A Mkonzi, kampani ina inapatsidwa malo kumtunda kwa tauni yathu kuti imange nyumba mazana angapo. Gawo loyamba lokha ndilo latha, koma madzi a m'mipope ayamba kale kudukaduka, ndipo a m'zitsime zina akumveka mchere. A kampaniyo akuti vuto ndi chilala, osati nyumba zawo. Kodi zoona n'ziti? — Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, zonse ziwiri zingathe kukhala zoona nthawi imodzi, koma mchere umene mukuumva m'zitsimewo ndiwo uyenera kukudetsani nkhawa kuposa kudukaduka kwa madzi. Pansi pa nthaka ya m'mphepete mwa nyanja, madzi abwino amayandama pamwamba pa madzi amchere, chifukwa amcherewo ndi olemererapo pang'ono. Akatswiri a za madzi a pansi pa nthaka amatsata lamulo lotchedwa Ghyben-Herzberg, limene limati pa mita imodzi iliyonse imene madzi abwino akwera kupitirira msinkhu wa nyanja, pansi pake pamakhala mamita pafupifupi 40 a madzi abwino. Choncho mijigo ikapopa mopitirira muyezo mpaka madzi kutsika ndi mita imodzi yokha, madzi amchere angathe kukwera ndi mamita pafupifupi 40 kulowa kumene kunali madzi akumwa. Chitsime chikalowa mchere, pamapita zaka kuti chibwerere mwakale, ndipo zina sizibwereranso.

Nyumba zatsopano zimakulitsa vutoli m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yoonekeratu: anthu akachuluka, madzi otungidwa amachulukanso, makamaka ngati nyumbazo zili ndi kapinga wothirira ndi maiwe osambiramo. Yachiwiri ndi imene ambiri saiganizira. Malo amene kale anali tchire kapena mchenga, mmene mvula inkalowerera pansi n'kudzaza nkhokwe ya madzi, akakutidwa ndi madenga, simenti ndi phula, mvulayo imangothamangira m'ngalande kupita kunyanja. Ndiye kuti potunga pachuluka pamene pobwezera pachepa. Chilala chikabwera chimangoulula msanga vuto limene linayamba kale.

Simunafunse za suweji, koma ndikukupemphani kuti muifufuzenso, chifukwa madzi olowa m'nyumba amatulukamonso ali onyansa. Mapaipi ndi malo oyeretsera zonyansa a m'tauni yaing'ono kawirikawiri anamangidwa molingana ndi chiwerengero cha anthu okhazikika pa nthawiyo, ndipo kumene madzi a mvula ndi zonyansa zimadutsa m'paipi imodzi, mvula yamphamvu ikagwa zonse zimasefukira m'mtsinje kapena m'nyanja zisanayeretsedwe. Kumene kulibe mapaipi, nyumba iliyonse imakumba thanki yake ya zonyansa, koma mchenga susefa bwino ndipo madzi a pansi amakhala pafupi kwambiri, motero tizilombo toyambitsa matenda sitichedwa kufika m'zitsime. Zonyansazo zikafika m'madzi osayenda kwambiri zimameretsa ndere, nderezo zikamaola zimatha mpweya wa m'madzi, ndipo oyamba kulira amakhala asodzi.

Kukangana ndi kampaniyo pakamwa sikungakuthandizeni. Pemphani bungwe logawa madzi ndi khonsolo, polemba kalata, kuti akuonetseni zimene anayeza za kuya kwa madzi ndi kuchuluka kwa mchere ntchito yomanga isanayambe, n'kuziyerekeza ndi za lero. Funsaninso kuti pulani imene inavomerezedwa inati nyumba zonsezo zidzafuna malita angati pa tsiku, ndipo adzachokera kuti. Ngati anawerengera mwezi umene tauni ili zii, osati nyengo ya tchuthi pamene nyumba iliyonse yadzaza, pamenepo ndi pamene muyenera kugwira.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ndipo ndimakhala m'nyumba ya lendi. Pamsonkhano anatiuza kuti nyumba zikachuluka mitengo idzatsika. Nyumba zamangidwa, koma lendi yakwera, ndipo zambiri mwa zatsopanozo zimakhala zotseka pafupifupi chaka chonse. Kodi anatinamiza? — Mphunzitsi wachinyamata

YANKHO: Aphunzitsi, sindinganene kuti anakunamizani, koma anakuuzani mbali imodzi. Ndi zoona kuti nyumba zikachuluka mitengo imakhazikika, malinga ngati ofuna nyumbazo ali anthu omwewo. Tauni ya m'mphepete mwa nyanja ndi yosiyana, chifukwa ogula sachokera m'tauni momwemo mokha. Amabwera opuma pa ntchito ochokera m'mizinda ikuluikulu, ofuna nyumba yachiwiri yoti azifikiramo pa tchuthi, ndiponso ogula n'cholinga chobwereketsa kwa alendo kwa masiku ochepa kudzera pa intaneti, monga pa Airbnb. Malipiro a mphunzitsi, namwino kapena msodzi sangapikisane ndi ndalama za anthu otere. Nawo eni nyumba zakale akaona kuti alendo a milungu yochepa akulipira kuposa walendi wa chaka chonse, amatulutsa walendiyo.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo tauni yodalira eni nyumba otere imaona zimenezi chaka ndi chaka. Nyengo ya tchuthi misewu imapanikizana, chipatala chimadzaza, zinyalala zimaunjikana. Nyengoyo ikatha, masitolo amasowa ogula ndipo sukulu imachepa ana chifukwa mabanja achinyamata asamukira kutali ndi gombe. Ogwira ntchito m'malo ogona alendo amayenda mtunda wautali m'mawa ndi madzulo pa msewu umodzi womwewo wolowera m'tauni. Khonsolo nayo imakakamizika kusamalira mapaipi ndi misewu yokwanira khamu la miyezi iwiri kapena itatu, pamene miyezi ina yonse zinthuzo zikungokhala.

Madera ena ayesa kuthana ndi vutoli ndi malamulo. Mu 2016 anthu a m'tauni ya St Ives ku Cornwall, m'dziko la England, anavota ndipo oposa 80 pa 100 aliwonse anavomereza kuti nyumba yomangidwa kumene izikhala ya munthu wokhalamo nthawi zonse, osati yongofikiramo pa tchuthi. Omanga ena anakatsutsa lamuloli kukhoti koma analephera. Ngakhale zili choncho, otsutsa amati lamulolo linangokankhira ogula a kunja ku nyumba zakale, zimene silizikhudza, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuimva. Ku Wales anasankha njira ya msonkho: kuyambira mu April 2023, makhonsolo ali ndi mphamvu yowonjezera msonkho wa nyumba yachiwiri mpaka ndi 300 peresenti. Ku England, gawo 106 la lamulo la mapulani a matauni la 1990 limalola khonsolo kugwirizana ndi womanga kuti nyumba zina zikhale zotsika mtengo, kapena kuti apereke ndalama za sukulu, misewu ndi zipatala.

Maganizo anga ndi akuti kukana nyumba zatsopano zonse kungapweteke anthu ngati inu nomwe, chifukwa ana a m'tauniyo amafunanso pokhala. Funso loyenera kufunsa si lakuti zimangidwe kapena ayi, koma lakuti mwa nyumba zimenezo, ndi zingati zimene munthu wolandira malipiro a m'deralo angathe kugula kapena kuchita lendi, ndipo lonjezo limenelo lalembedwa pati.

FUNSO: Omanga atchinga ndi mpanda njira imene takhala tikudzera popita kugombe, ndipo asalaza milu ya mchenga kuti nyumba ziyang'ane nyanja. Kodi n'zololedwa? — Msodzi

YANKHO: Bambo, yankho lili m'malamulo a dziko lanu, koma mayiko ambiri amaona gombe ngati chuma cha anthu onse. France inakhazikitsa lamulo mu 1986 loletsa kumanga mkati mwa mamita 100 kuchokera pagombe m'madera amene sanamangidwe kale. Spain ili ndi lamulo lofanana nalo la 1988, ndipo South Africa inakhazikitsa lake mu 2008, limene limalamula makhonsolo kusiya njira zoti anthu azifikira kunyanja. Pitani ku ofesi ya mapulani mukaone ngati njira yanuyo ili pa mapu, ndipo sonkhanitsani umboni wa anthu achikulire osonyeza kuti yakhala ikugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri.

Nkhani ya milu ya mchenga ndi yoopsa kuposa ya mpanda. Miluyo, pamodzi ndi madambo ndi mitengo yomera m'madzi a m'mphepete mwa nyanja, ndiyo imafooketsa mafunde pa nthawi ya namondwe, ndiponso imabwezera mchenga kugombe ukakokoloka. Bungwe la IPCC, loona za kusintha kwa nyengo, linapeza kuti msinkhu wa nyanja unakwera ndi masentimita pafupifupi 20 pakati pa 1901 ndi 2018, ndipo ukukwerabe. Mu February 2010 namondwe wotchedwa Xynthia anapha anthu 29 m'tauni yaing'ono ya La Faute-sur-Mer ku France, ambiri mwa iwo ali m'nyumba zosasanja zimene zinamangidwa pamalo otsika kuseri kwa chipupa chotchinga madzi. Pambuyo pake boma linagula nyumba mazanamazana n'kuzigwetsa. Nyumbazo zinamangidwa ndi zilolezo.

FUNSO: Khonsolo yaitanitsa maganizo a anthu pa gawo lachiwiri la ntchito yomanga nyumba zatsopano m'tauni yathu. Ambiri akuti n'kungotaya nthawi poti zinagamulidwa kale. Tipite? — Wapampando wa komiti ya m'dera

YANKHO: A Wapampando, pitani, ndipo musapite chimanjamanja. Nthawi imene anthu ali ndi mphamvu ndi pamene chilolezo chisanaperekedwe, chifukwa chikangosainidwa, kuwonjezera mfundo zina kumavuta kwambiri. Madandaulo oti tauni yathu isintha kapena alendo achuluka amamveka pamsonkhano, koma olemba chigamulo sawaikamo. Amene amalowa m'chigamulo ndi okhudza zinthu zoyezeka: madzi, suweji, ngalande, msewu, malo a m'makalasi ndi m'chipatala, ndi chiopsezo cha kusefukira kwa madzi.

Werengani lipoti la kafukufuku wa mmene ntchitoyi idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, podziwa kuti nthawi zambiri amene amalipira olilemba ndi womanga yemweyo. Muonenso ngati lipotilo lawerengera magawo onse pamodzi, pakuti ntchito yaikulu ikaduladulidwa, gawo lililonse palokha limaoneka ngati losalemetsa tauni.

Chachikulu choti mulimbikire ndi ndondomeko ya kamangidwe. Pemphani kuti chilolezo chinene momveka kuti anthu sadzalowa m'nyumba za gawo lachiwiri mpaka malo oyeretsera zonyansa atakulitsidwa, gwero la madzi litatsimikizika, ndiponso mphambano yolowera m'tauni itakonzedwa. Pemphaninso kuti womanga asungitse ndalama za chikole ku khonsolo, kuti kampani ikagwa kapena ikachoka isanamalize misewu ndi ngalande, ntchitoyo isadzagwere olipira msonkho a m'tauniyo. Zonsezi muzipereke polemba tsiku lotsekera lisanafike, aliyense wa m'komiti asainire, ndipo musunge kope lokhala ndi chidindo cha ofesi imene yalandira.