Funsani Dokotala: Mwana wotupa bondo, katswiri wa nyamakazi ndi inshuwalansi

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka 7 watupa bondo kwa miyezi iwiri, ndipo m'mawa amayenda motsimphina. Bambo ake amagwira ntchito kumgodi wa malasha ku Moatize ndipo ali ndi inshuwalansi ya zaumoyo. Dokotala wa nyamakazi ya ana ndingamupeze kuti, nanga inshuwalansi idzalipira? Ndine mayi wa ku Ulónguè, ku Mozambique.

Yankho: Mayi, nyamakazi imagwiranso ana. Timaiganizira pamene mwana wosakwana zaka 16 watupa polumikizira mafupa kwa masabata 6 kapena kuposerapo, koma tisanatsimikize timayamba taona ngati si TB ya m'mafupa, mafinya m'bondo, kapena nyamakazi yobwera pambuyo pa zilonda zapakhosi, imene imatha kuwononga mtima. Akatentha thupi n'kulephera kuponda, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo chonde asatemedwe mphini pabondopo.

Akatswiri a nyamakazi ya ana ndi ochepa kwambiri mu Africa muno, choncho musadikire kuti mupeze mmodzi musanayambe chithandizo. Yambirani ku Hospital Rural de Ulónguè, mupemphe guia de transferência (kalata yotumizira wodwala kuchipatala china) yopita kwa dokotala wa ana ku Hospital Provincial de Tete. Iyeyo ndi amene angayeze magazi, kujambula bondo ndi kuona ngati m'pofunika kukutumizani ku Hospital Central ya ku Beira kapena ya ku Maputo. Ikapezeka kuti ndi nyamakazi, mwanayo apimidwenso maso ngakhale sakudandaula, chifukwa matendawa amatha kutupitsa m'kati mwa diso mwakachetechete mpaka kuchititsa khungu.

Za inshuwalansi, mawu a pafoni okha asakukhutiritseni. Bambo ake afunse kuntchito ngati dzina la mwanayo lidalembedwadi, kenaka kampani ya inshuwalansi ikupatseni mndandanda wa zipatala zimene imagwira nazo ntchito. Chipatala chimene mwasankha muchifunsenso pachokha, pakuti mapangano otere amasintha. Mufunsitsitse ngati a inshuwalansi amalipira matenda okhalitsa kapena amene adayamba mwana asanalembetsedwe, kuyeza magazi pafupipafupi, mankhwala monga methotrexate amene amamwedwa kamodzi pa sabata kwa nthawi yaitali, ndiponso chithandizo cha kunja kwa dziko, monga ku Red Cross War Memorial Children's Hospital ku Cape Town, kumene akatswiriwa alipo. Chilolezo cha kampani ya inshuwalansi chikhale cholembedwa, ndipo mukhale nacho m'manja musanalipire ulendo.