Achemwali, mufunseni mchimwene wanuyo kaye

Mwafunsa ngati mungamatumize pa WhatsApp kwa a chipatala nkhani za mchimwene wanu amene amamva mawu m'mutu, za mmene wagonera ndi mmene akumwera mankhwala, iye osadziwa. Ine ndikuti ayi, achemwali, musatero mobisa.

Matendawa nthawi zambiri amabwera ndi chikayiko choti anthu akumuzonda. Tsiku limene adzapeze mawu ake atajambulidwa m'foni mwanu, zimene ankaopazo zidzakhala zoona ndithu, ndipo akhoza kukana mankhwala, n'kukananso inu amene mukumusamala. Dikirani tsiku limene mutu wake wakhazikika, mukhale naye pakhonde, mumuuze kuti uthenga ukupita kwa ndani, muli chiyani, ndipo ngati angafune kusiya, asiya. Akavomera za tulo koma n'kukana za zithunzi, lemekezani zimenezo. Akadwalika mpaka kufuna kudzivulaza, apo musadikire, thamangani naye kuchipatala.

Chondidetsa nkhawa china ndi foniyo. Kuno ku Ulónguè, m'dziko la Mozambique, timasiya foni pa benchi yotchajira kumsika tsiku lonse, yopanda loko, ana nawo amaseweretsa madzulo. Ya mlamu wanga inatsegulidwa chonchi, mawa lake mudzi wonse ukumutchula mwana wake kuti wamisala. Ikani loko, ndipo musatumize m'gulu la abale.

Afunseninso a chipatalawo kuti uthengawo amausunga kuti, amauona ndani. Gawo 71 la Malamulo Aakulu a Mozambique limapatsa munthu ufulu woona ndi kukonzetsa zomwe zasungidwa m'kompyuta zokhudza iye.