Zipolopolo zisanu n'zochepa kuti muweruzire onga

Mmodzi mwa owerenga anga wandilembera imelo. Amadzipangira yekha zipolopolo za mfuti yake, ndipo anayeza liwiro lake ndi chronograph (makina oyeza liwiro la chipolopolo) pa miyezo iwiri ya onga. Atawombera kasanu ndi muyezo woyamba, SD, nambala yosonyeza kusinthasintha kwa liwiro, inali 6 fps (mafiti 6 pa sekondi). Kasanu ndi wachiwiri, inali 11 fps. Akufunsa ngati angatsimikize kuti woyambawo ndiwo wabwino.

Bambo, musathamangire kusankha. Ndikudziwa mmene mtima umasangalalira ukaona nambala yaing'ono pa makina, koma manambala awiriwa sanakuuzeni kanthu kolimba.

SD, chidule cha standard deviation, imasonyeza mmene liwiro la chipolopolo chilichonse likutalikirana ndi liwiro lapakati. Nambala imene mwaonayo ndi ya zisanu zokha zimene zinatuluka mumpope wa mfuti tsikulo. SD yeniyeni ya zipolopolo zonse zimene mungapange ndi muyezo umenewo ikadali yobisika, ndipo ife tikungoyerekeza. Masamu oyerekezera otchedwa chi-square amatiuza kukula kwa kuyerekezako. Mukawombera kasanu n'kufuna chitsimikizo cha 95 peresenti, chulukitsani SD yanu ndi 0.60 kuti mupeze malire a pansi, muichulukitsenso payokha ndi 2.87 kuti mupeze a pamwamba. Ndiye kuti 6 wanu uja akhoza kukhala paliponse pakati pa 3.6 ndi 17, ndipo 11 uja pakati pa 6.6 ndi 32. Taonani mmene zalowererana! Miyezo yonse iwiri ikhoza kukhala ndi SD yeniyeni ya 10, wina n'kungochita mwayi tsiku limenelo. Pa zipolopolo zisanu zisanu, F-test, njira ya masamu yofananizira SD ziwiri, imafuna kuti SD imodzi ipose inzake kuposa katatu musananene kuti zasiyanadi. Yanu sinafike ngakhale kawiri.

Mukachulukitsa zipolopolo mpata uja umachepa, koma pang'onopang'ono. Pa 10, manambala ochulukitsira ndi 0.69 ndi 1.83. Pa 20 ndi 0.76 ndi 1.46, ndipo pa 30 ndi 0.80 ndi 1.34. Ngakhale pa 30 pamenepo, SD ya 10 ikhoza kukhala 8 kapena 13.

Liwiro lapakati lokha ndiye silivuta chonchi. William Gosset, amene ankagwira ntchito ku kampani ya mowa ya Guinness ku Dublin, anasindikiza mu 1908 njira yowerengera ndi zitsanzo zochepa, pansi pa dzina loti Student. Ndi njira yakeyo, kuwombera kasanu ndi SD ya 6 kumakupatsani liwiro lapakati losaphonya ndi zoposa 7 kapena 8 fps mbali zonse. N'chifukwa chake ambiri amanyengeka: poti zisanu zakwanira kudziwa liwiro, amaganiza kuti zakwaniranso kudziwa kusinthasintha kwake.

ES, kusiyana kwa chipolopolo chothamanga kwambiri ndi chochedwa kwambiri, ine sindiidalira. Imangoyang'ana ziwiri n'kutaya zina zonse, ndipo imakula yokha mukamawombera zambiri. Ngati SD yeniyeni ndi 10, ES ya zipolopolo 5 imakhala cha m'ma 23, ya 10 cha m'ma 31, ya 30 cha m'ma 41, onga wake ndi yemweyo. Munthu akakuuzani ES yake osatchula kuti anawombera kangati, mufunseni.

Onga ndi wodula ndipo mpope umatha, choncho musayeze miyezo khumi. Tengani iwiri yomweyi, bola isapyole malire olembedwa m'buku la wopanga onga, mupange 20 kapena 30 pa muyezo uliwonse. Womberani mosinthana, chimodzi cha uwu, chimodzi cha uwo, mukupumira kuti mpope usatenthe ndipo chipolopolo chisakhalitse m'mfuti yotentha, poti kutentha kwa onga kumasintha liwiro. Lembani liwiro la chilichonse, ngakhale chimene chakukhumudwitsani; musachifufute pokhapokha mutadziwa kuti makina ndiwo anawerenga molakwika. Mukatero nditumizireni manambala onsewo, tiwerengere limodzi.