Anthu anayi, galimoto imodzi, kuchokera ku Joni kupita kumudzi

Owerenga wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg wandilembera imelo. Iye ndi anzake atatu akufuna kupita kumudzi mu Disembala pa galimoto ya mmodzi wa iwo m'malo mokwera basi. Atatu ndi a ku Blantyre, mmodzi kwawo ndi ku Dedza. Akufunsa kuti adzere njira iti, ndalama agawane bwanji, komanso ngati angathe kungoyenda osagona panjira popeza awiri mwa iwo amayendetsa.

Achimwene, za njira sizivuta. Mutenga N1 kudutsa Pretoria, Polokwane ndi Musina mpaka pa Beitbridge, makilomita pafupifupi 550. Ku Zimbabwe mudzera Masvingo ndi Chivhu kukafika mu Harare, kenako Mutoko mpaka pa Nyamapanda. Mukangooloka muli pa Cuchamano ku Mozambique, ndiye Changara, Tete, Moatize, Zobue, n'kulowera pa Mwanza. Kufika Blantyre ndi makilomita oposa 1,700. Njira ya mnzanu wa ku Dedza imapatuka mukapitirira Moatize, kudzera ku Angonia kukatulukira pa chipata cha Calomue, m'malire ndi Dedza. Galimoto imodzi singalowere pa zipata ziwiri, choncho pangananitu lero. Ine ndikuona kuti ndi bwino nonse mulowere pa Mwanza, iye akatsike pa Zalewa n'kukwera minibasi ya pa M1. Ilipo njira ina ya ku Botswana, yodzera pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, kenako Lusaka, Chipata ndi Mchinji, koma kwa anthu a ku Blantyre n'kuzungulira.

Zoyenda osagonazo ayi, musayerekeze. Pa Beitbridge amagwira ntchito usana ndi usiku, koma mu Disembala mzere wake ukhoza kukudyerani maola ambiri, ndipo amene amayenera kupuma uja amakhala ali chiimire ndi pasipoti m'manja. Msewu wopita ku Masvingo usiku umakhala ndi ng'ombe, abulu ndi mathiraki. Gonani ku Harare, mulawire m'mamawa, kuti Nyamapanda, Tete ndi Zobue mudutse dzuwa likadalipo.

Chimene chimadanitsa anthu pa maulendo otere ndi ndalama, ndipo chimayamba ndi mawu akuti "tingosonkherana za mafuta". Mafuta ndi gawo lochepa chabe. Ngati galimotoyo imadya malita 8 pa makilomita 100, mukufunika malita ngati 140 popita pokha, ndipo ikalemedwa ndi anthu anayi ndi katundu idzadya oposa pamenepo. Onjezani za pa matologeti a pa N1 ndi a ku Zimbabwe, za kuolokera pa Beitbridge, msonkho wa utsi ndi wa msewu, inshuwalansi ya dziko lililonse, za mlatho wa Zambezi ku Tete, malo ogona ndi chakudya. Ndiye pali zimene mwini galimoto amachita manyazi kutchula: sevisi asananyamuke, matayala, mabuleki. Galimoto imene yayenda makilomita 3,500 kupita ndi kubwera, m'mvula ndi m'maenje, siibwera momwe inapitira. Atatu enanu mutchule nokha kuti musonkhako za sevisi, musadikire kuti iye apemphe.

Sankhani msungichuma amene si mwini galimoto. Aliyense apereke gawo lake musananyamuke, osati "ndikupatsani tikafika". Ndalamazo zikhale mu envulopu, ma randi padera, madola a ku America ang'onoang'ono a ku Zimbabwe padera, ndipo ma metical a ku Mozambique mukasinthe ochepa chabe. Kakope kakhale pomwepo, chilichonse chimene chatuluka chilembedwe, lisiti lipanidwe m'katimo. Zotsala mudzagawana pa Zalewa, mnzanu wa ku Dedza asanatsike.

Zina siziyenera kuchoka m'thumba la onse. Chindapusa chothamangitsa galimoto alipire amene anali pa chiwongolero. M'matauni a ku Mozambique liwiro ndi 60, ndipo apolisi amaima pomwe mzinda ukuyambira. Msonkho wa katundu pa Mwanza alipire mwini katunduyo. Munthu wonyamula chikwama chimodzi asalipirire TV ya mnzake kwa a MRA. Ndipo mugwirizane kuti aliyense atenga zikwama zingati, chifukwa sabata yomaliza achibale ndi anzanu a ku tchalitchi adzayamba kubwera ndi timaphukusi toti "mukangowasiyira amayi". Phukusi lililonse litsegulidwe pamaso panu. Pa boda safunsa amene anatumiza, amafunsa amene wanyamula.

Tsopano mapepala, ndipo apa musachitirane manyazi. Khalani pansi, aliyense atulutse pasipoti yake anzake aione. Pasipoti ya Malawi siifuna viza ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, koma vuto limakhala potuluka mu South Africa. Amene analowa ndi masiku 30 n'kupitirira alibe pemiti, pa Beitbridge amamudinda kuti asalowenso m'dzikomo, chaka chimodzi mpaka zisanu. Ngati mmodzi wa inu ali choncho, ndiye kuti mu Januwale mpando wake ubwera wopanda munthu. Galimoto iyenera kubwerera ku Joni basi, mafuta ndi ziphaso zobwerera zilipo chimodzimodzi. Alipira ndani? Maganizo anga ndi akuti amene akudziwa kuti sabwerera anene pano, mupeze wina wodzakwera pobwera, kapena atatu otsalawo avomereze kusenza gawo lakelo asanaone ngakhale Polokwane.

Za galimoto, tengani pepala la kalembera wake lenileni pamodzi ndi makope otsimikizidwa ku polisi. Ngati ikadali pa ngongole, banki ipereke kalata yolola kuti ituluke m'dziko, yotchula mayiko onse atatu ndi masiku ake. Kalatayi siituluka tsiku limodzi, choncho pemphani msanga. Dziko lililonse likupatsani TIP, chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi, ndipo chimalembedwa m'dzina la munthu mmodzi amene ali ndi udindo woitulutsanso masiku asanathe. N'chifukwa chake galimotoyo isamabwerekedwe kwa asuweni ikafika kumudzi. Dalaivala wachiwiri akhale ndi laisensi yake yosatha ntchito komanso kalata ya mwini galimoto yomulola kuyendetsa. M'galimoto mukhale mathirayango awiri, malaya owala usiku, chozimira moto, jeke ndi tayala la sipeya lopopa bwino, ndipo kumbuyo mumate chomata cha ZA, chosonyeza kuti galimotoyo ndi ya ku South Africa. Zinthuzi zikhale pamwamba, osati pansi pa masutikesi, kuopa kutsitsa katundu yense m'mbali mwa msewu pa dzuwa la ku Tete wapolisi akudikira.

Pa boda madobadoba adzakuthamangirani galimoto isanaime n'komwe. Pasipoti ndi mapepala a galimoto musapatse munthu amene sali kuseri kwa kauntala. Awiri alowe kukadinditsa, awiri atsale pa galimoto, kenako musinthane. Musanatuluke mu Mozambique thirani mafuta odzadza thanki pa Moatize, chifukwa zaka zapitazi mafuta akhala akusowasowa kwathu, ndipo pobwerera muchitenso chimodzimodzi pa malo oyamba amene mwawapeza.